Ndinangofuna Nkhulukulu

Ndinakwera Loweruka, nkhungu isanachoke paphiri la Dedza,
kamera ya mlongo wanga Yotamu, yochokera ku Joni,
ili pachifuwa ngati mwana wa eni.
Kumunsi tauni inali ikutsokomola utsi wa m'mawa,
a kabaza atabisa manja m'khwapa podikira anthu.

Masabata atatu ndikuisaka nkhulukulu.
Ndinkangoimva kuseri kwa mapaini ikundiseka, kho, kho, kho,
ndikafika pamtengo n'kupeza nthambi ikugwedera yokha.
Tsikulo inatera pamsuku, pafupi zedi,
n'kutambasula phiko lofiira ngati khala lamoto.
Ndinagwira mpweya. Ndinadina.

Kenaka nkhwangwa imene inkalira chapatali inaleka.
Sindinadziwe kuti ndinkaimva
kufikira itakhala chete.

Anatulukira atatu m'thengo, nkhope zili mbuu ndi phulusa,
wamkulu atapachika chikwanje paphewa.
Moni panalibe.
"Mayi, mukujambula ndani?"
Ndinati mbalame.
Anayang'ana m'mwamba, msuku uli wokhawokha.
"Akutumani a zankhalango."
Wina, wa chipewa cha ulusi, analavula pansi:
"Kapena ndi aja opopa magazi aja."
Mawu otere akagwa pagulu
miyala imadzuka yokha.

Ndinayamba kuwerengera mumtima.
Foni ilibe netiweki chidutsire pathanki ya madzi.
Amene akudziwa kuti ndili kuno ndi kamwana ka alandilodi,
kazaka zisanu, kamene ndinakauza ndikumanga nsapato.
Njira yotsika ili kumbuyo kwawo.
Lilime linauma ngati chikopa cha ng'oma.

Ndinavula lamba pakhosi pang'onopang'ono,
monga umachitira pamaso pa galu wosamudziwa,
n'kuwatembenuzira kagalasi.
Onani, bambo. Ndere pamwala.
Bowa. Gulugufe wothothoka phiko.
Nthambi yopanda kanthu.
Nthambi ina yopanda kanthu.
Wa chipewa uja anatsala pang'ono kuseka.
Kenaka chomaliza: phiko langa lofiira lija,
ndipo pakona, kuseri kwa masamba,
utsi woyera wa uvuni wawo wa makala
ndi theka la msana wa munthu.

"Fufutani."
Chala cha wamkulu chinasiya mwaye pagalasi.
Ndinaona ming'alu ya kuphazi kwake,
lamba wa luzi, diso limodzi lofiira ndi utsi,
ndinaonanso kuti chikwanje chatsika paphewa.
Ndinafufuta.
Masabata atatu anapita ndi kudina kumodzi.

Anapatuka, koma pang'ono pokha,
moti podutsa ndinamva fungo la thukuta ndi chikonga.
Wamng'ono, amene ankamutchula kuti Bikitoni,
amene sanayankhule chiyambire,
ananong'ona osandiyang'ana:
"Imakonda pamkuyu wa kukhwawa, dzuwa likakwera."

Sindinathamange. Msana wanga wonse unasanduka khutu.
Tsamba lililonse louma linali phazi la munthu.
Mawondo anadikira mpaka pamsewu wa tala
ndiye anayamba kunjenjemera,
ndinakhala pachiwaya cha tchipisi pafupi ndi depoti,
mbatatesi ikuzizira m'manja, osaidya.
Mnyamata wokazinga anafunsa ngati ndili ndi malungo.

Yotamu pafoni anakalipa: ukanafera mbalame?
Alandilodi anati mkazi sakwera phiri yekha.
Onse akunena zoona, ndipo zoona zawozo zimandiwawa,
poti phirili ndimaliona ndikangotsegula chitseko,
ndinabadwira m'munsi mwake,
ndipo makala amene ndimawothera mu Juni
sindinafunsepo kumene amachokera.

Tsopano ndimakwera ndi anzanga awiri a kukwaya,
timalemba papepala ola lobwerera,
ndikamva nkhwangwa ndimaloza kamera pansi
n'kuyamba ine kupereka moni mokweza.

Koma kumkuyu wa kukhwawa sindinapiteko.
Usiku ndimawatembenuza mawu a Bikitoni
ngati ndalama yotola panjira:
kaya anandipatsa mbalame,
kaya anandipatsa malo oti akandipezeko.
Mwaye wa chala chija udakali pakona ya galasi.
Ndimati ndipukuta mawa.